Makina a pageti akukana nkhope yanga, akuti ndimagwedezeka

Turno_B_Moatize
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kuntchito kwathu anachotsa buku losainira n'kuika makina oona nkhope pageti. Amati ndi a 3D, sanganamizidwe ndi chithunzi. Anzanga ena amangodutsa, kabokosi kaja n'kuyaka zobiriwira asanaime n'komwe. Ine ayi. Ndiime, kandikane, ndisendere, kandikanenso, kumbuyoku bicha (mzere wa anthu) yatalika anthu akung'ung'udza. Pofika poti kandivomere nthawi yapita, ndipo mwezi ukatha pepala la malipiro likuonetsa kuti ndimachedwa. Mlonda amangoti "mukugwedezeka bambo, imani njii." Koma inetu ndimakhala nditaima. Kodi munthu woima angagwedezeke mpaka kusokoneza makina, kapena akungondiseweretsa?

Txopela_Matundo
Achimwene, mwina nkhope yanu ya Lolemba m'mawa ndi ina, ya Lachisanu madzulo ndi inanso. Makinawo akuona anthu awiri.

Gogo_Mbatata
Buku losainira linalakwa chiyani? Ife tinagwira ntchito zaka zonsezi kapitawo akutiitana mayina, palibe amene anakanidwa nkhope yake.

Magetsi_Chingodzi
Ine ntchito yanga n'kuika makamera ndi makina a pamageti kuno ku Tete. Ndisanayankhe ndiuzeni zitatu. Kabokosiko kali pakhoma kapena pamzati? Dzuwa la m'mawa limakhala kumbuyo kwanu kapena kutsogolo? Nanga tsiku limene anakulembetsani, anakujambulani muli pati?

Turno_B_Moatize
Kali pamzati wachitsulo, pafupi ndi pamene pamadutsa magalimoto akuluakulu. Dzuwa limakhala kumbuyo kwanga. Kulembetsa kuja anatichita tikutuluka turno (shifiti) ya usiku, panja, mnyamata wa ku ofesi atagwira tabuleti m'manja. Zinali za changuchangu chifukwa basi imatidikira.

Magetsi_Chingodzi
Ndiye mwayankha nokha. Zonse zitatu zili zolakwika. Ndibweranso, ndili pamakwerero.

Aphunzitsi_Dómuè
Podikira amisiri atsike pamakwerero, ndifotokozeko mbali ya sayansi, chifukwa mlonda uja sakunama kwenikweni. Kamera wamba imaona nkhope yafulati, mulitali ndi mulifupi basi. Ya 3D imayezanso kuya: nsonga ya mphuno yatsogola masaya ndi mamilimita angati, maso alowa mkati bwanji, chibwano chatuluka motani. Funso lanu lonse lagona pa chinthu chimodzi, nthawi imene makina amatenga kuti amalize kuyeza nkhope yonse.

Makina akale ankayendetsa kamzere ka kuwala kwa laser kuchokera pachipumi kutsikira kuchibwano, kamera n'kumaona mmene kamzereko kakukhotera pamphuno ndi pamilomo. Nkhope inkatuluka mzere ndi mzere, monga mmene timasokera mphasa bango ndi bango. Bango lina likasendera kumanja pamene linzake latsalira, mphasa yonse imapendama. Makina odziwika a mtundu umenewu, Minolta Vivid 910, akamayeza mosamalitsa ankatenga masekondi pafupifupi 2.5. Tsono werengani. Tinene kuti mutu ukusendera kumbali mamilimita 4 pa sekondi, zimene inuyo simungazimve n'komwe. Pofika kuchibwano mwasuntha mamilimita 10. Chipumi chili apa, chibwano chili apo, mphuno yakhota. Makina sadziwa kuti munasuntha. Amangolemba kuti munthuyu anabadwa wopendama nkhope.

Ndipo palibe munthu wamoyo amene amaima njii. Timapuma, thupi limadzikonza lokha pamapazi kuti tisagwe, ngakhale mtima ukamapopa magazi mutu umanjenjemera pang'onopang'ono. Ku yunivesite ya MIT ku America mu 2013 anaonetsa kuti atha kuwerenga kugunda kwa mtima wa munthu pongoyang'ana mmene mutu wake ukugwedezekera m'vidiyo.

Txopela_Matundo
Ndiye kuti woyenera makina amenewa ndi maliro okha?

Magetsi_Chingodzi
Ndatsika. Aphunzitsi, zimene mwanenazo n'zoona koma n'za kalekale. Palibe kampani imene ingaike Minolta pageti, chinthu cholemera ngati chimenechija komanso chodula. Za pamageti zimajambula m'kaphindi kochepa kwambiri. Ndipo ndikuuzeni chinsinsi cha ntchito yathu: tambiri mwa timabokosi timene ogulitsa amatitcha 3D tili ndi maso awiri chabe, limodzi la kamera wamba, lina la infrared, kuwala kosaoneka ndi maso. La infrared limathandiza usiku, komanso kuzindikira ngati munthu waonetsa chithunzi cha pafoni m'malo mwa nkhope. Kuyeza kuya kwenikweni sionse amachita.

Kwa achimwene a ku Moatize ine ndikuona izi. Choyamba, amene akugwedezeka mwina si inu, ndi mzati. Galimoto yodzaza ikadutsa pansi pamanjenjemera, mzati wachitsulo n'kumavina kumtundaku. Kwa kamera, kusuntha kwa inu ndi kusuntha kwa iyo mwini ndi chinthu chimodzi. Chachiwiri, dzuwa kumbuyo kwanu limasiya nkhope mumdima. Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, n'kulembetsa kuja. Munthu wagwira tabuleti m'manja, dzanja likuyenda, inu mwatopa ndi turno ya usiku, kuwala kochepa. Nkhope imene inasungidwa tsiku limenelo ndi imene makina amakuyerekezerani nayo m'mawa uliwonse. Ikakhala yobalalika, ngakhale muime ngati msilikali simudzafanana nayo bwino. Anzanu amene amadutsa akuyenda aja ndikukhulupirira kuti anawajambula bwino.

Aphunzitsi_Dómuè
Sitikutsutsana amisiri. Ndinayamba ndi makina akale chifukwa ndi pamene vutoli limaoneka poyera. Atsopano afupikitsa nthawi, sanaithetse.

Bit_ndi_Bayiti
Ndilowererepo akuluakulu, ndine mwana wa sukulu ya makompyuta ndipo izi tinaziwerengako. Aphunzitsi akunena zoona kuti nthawi sinathe. Njira zilipo zosiyana ndipo iliyonse imavulala mwa mtundu wake.

Pali ya timadontho. Makina amawaza timadontho ta infrared pankhope nthawi imodzi, kamera n'kujambula kamodzi, kompyuta n'kuwerengera kuya poona mmene kadontho kalikonse kasunthira pamalo pake. Kinect, kamera ya masewera ya Microsoft ya 2010, inkagwira chonchi ndi luso la kampani ya PrimeSense. Apple inagula kampaniyo mu 2013, ndipo mu 2017 iPhone X inatuluka ndi Face ID, njira yotsegulira foni ndi nkhope, imene imawaza timadontho toposa 30,000. Imeneyi siopa kusuntha kwenikweni chifukwa zonse zili m'chithunzi chimodzi, pokhapokha chithunzicho chitabalalika.

Pali ya mizeremizere. Makina amaonetsa pankhope mizere yowala ndi yakuda, kenako amaisendeza pang'ono n'kujambulanso, katatu kapena kanayi. Masamu ake amadalira kuti malo amene anali pa kadontho kena ka kamera m'chithunzi choyamba ndi omwewo m'chachitatu. Mukasuntha pakati pa zithunzizo, tsaya losalala limatuluka ndi timafunde. Imeneyi imayeza bwino kwambiri munthu akadekha, koma ndiye yosachedwa kupsa mtima.

Pali yoyeza nthawi imene kuwala kwatenga kupita kunkhope ndi kubwerera. Kuwala kumayenda masentimita pafupifupi 30 m'gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi, ndiye mungaganize kuti apa kusuntha kulibe kanthu. Koma makamera ambiri a mtundu umenewu amayeza kangapo, kawirikawiri kanayi, kuti atulutse chithunzi chimodzi cha kuya. Mukatembenuka msanga, m'mbali mwa nkhope mumasakanikirana ndi khoma la kumbuyo, makutu ndi nsagwada n'kutuluka ndi timadontho toyandama m'malere.

Yomaliza ndi ya makamera angapo othethetsa pamodzi. Makina a 3dMD amene madokotala okonza nkhope amagwiritsa ntchito amajambula m'mamilisekondi pafupifupi 1.5 (milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi). Tengani masamu a aphunzitsi aja a mamilimita 4 pa sekondi: m'nthawi imeneyi mutu wasuntha mamilimita 0.006 okha. N'chifukwa chake amatha kujambula nawo ngakhale makanda.

Gogo_Mbatata
Mwana iwe wandizunguza mutu. Ndafika pa timadontho toyandama ndasiya.

Bit_ndi_Bayiti
Pepani agogo. Mwachidule, makina ojambula kamodzi amapirira, ojambula kangapo n'kuphatikiza amafuna munthu wodekha.

Aphunzitsi, za Minolta zija ndionjezere. Ku University of Notre Dame ku America anasonkhanitsa nkhope za 3D zokwana 4,007 za anthu 466, zimene akatswiri padziko lonse akhala akuyesera mapulogalamu awo. Makina ake anali a banja lomwelo la Vivid, ndipo ankayamba kuyeza kuya, kenako n'kujambula chithunzi cha mitundu. Munthu akasuntha pakatipo, chithunzi sichigona bwino pa chigoba cha 3D cha nkhopeyo, diso la m'chithunzi n'kukhala pambali pa dzenje la diso. Anthu amenewa anakhala pansi m'chipinda chabata, osati pageti la magalimoto a malasha.

Mai_a_Mapasa
Ine ndiye mwandisokoneza. Mukuti kusuntha n'koipa. Nanga bwanji pulogalamu ina ya pafoni polembetsa imandiuza kuti tembenukirani kumanzere, phethirani, mwetulirani? Apa akuti imani, apo akuti gwedezekani. Timve ziti?

Aphunzitsi_Dómuè
Funso labwino mayi. Kusuntha kuli pawiri. Kulipo kochitika mkati mwa chithunzi chimodzi, kamera isanamalize kutseka diso lake. Kumeneko ndiye kumaononga. Kulipo kochitika pakati pa chithunzi ndi chithunzi, ndipo kumeneko makina amakufuna. Foni ya kamera wamba siingayeze kuya, ndiye imakutumani kutembenuka kuti ione ngati mphuno ikubisa tsaya monga zimachitikira pamutu weniweni. Chithunzi cha papepala mukachitembenuza chimangopyapyala chonse pamodzi. Kuphethira nakonso n'kutsimikizira kuti ndinu wamoyo.

Ngakhale Face ID polembetsa imakuuzani kuzungulitsa mutu, kuti ione nkhope mbali zonse. Koma imafuna muzungulitse pang'onopang'ono, chifukwa zidutswazo iyenera kuzilumikiza, ndipo chilichonse chiyenera kukhala chooneka bwino chokhanso chofananako ndi chinzake. Njira yotchuka yolumikizira zigoba ziwiri za 3D anaisindikiza Besl ndi McKay mu 1992. Imasendeza ndi kutembenuza chigoba chimodzi mpaka chigone pa chinzake. Mutu wopendekeka imaukonza bwinobwino. Imene siingakonze ndi nkhope yopindika mkati mwake, chifukwa njirayo imatenga mutu ngati chinthu cholimba chosasintha.

Mai_a_Mapasa
Ndamva aphunzitsi. Ndiye ine ndimatembenuka mothamanga kuti zithe msanga, n'chifukwa chake imandibweza.

Foto_Zóbuè
Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi. Ine ndimajambula zithunzi za mapepala pano pamalire, ndipo mfundo ya aphunzitsi yomalizayo ndimakangana nayo ndi makasitomala tsiku ndi tsiku. Munthu akufuna amwetulire kuti aoneke bwino pa pasipoti. Malamulo a ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse, amafuna nkhope yoyang'ana kutsogolo, pakamwa potseka, maso otsegula. Sikuti amadana ndi chimwemwe. Kuseka kumakweza masaya, kumachepetsa maso, kumatsitsa chibwano. Kumeneko n'kusunthanso, kungoti mutu waima koma nyama ya pankhope ndiyo yayenda. Kutafuna chingamu, kuyankhula, kuyasamula, zonsezo.

Komanso anthu adziwe kuti m'kachipangizo ka m'pasipoti muli chithunzi wamba, si 3D ayi.

Bit_ndi_Bayiti
Eya, ndipo n'chifukwa chake mapulogalamu ambiri a 3D amadalira kwambiri mphuno ndi malo ozungulira maso. Pamenepo pali fupa pafupi, sipasintha kwambiri munthu akaseka. Pakamwa ndi pansagwada amapakhulupirira pang'ono.

Txopela_Matundo
Basi a mphuno zazikulu zawo zayera.

Mfulu_wa_Chifunde
Inu nonse mukuzungulira. Makina amenewa anapangidwira azungu, khungu lakuda saliona. Za kugwedezekazi n'zongophimbira. Ndipo kampani ikusangalala chifukwa falta iliyonse, kulembedwa kuti mwachedwa kapena mwajomba, ndi ndalama yotsala m'thumba mwawo.

Magetsi_Chingodzi
Achimwene, pageti limenelo odutsa onse ndi akuda, ndipo ambiri akuvomerezedwa. Khungu lokha silingafotokoze chifukwa chimene mmodzi akukanidwira.

Mfulu_wa_Chifunde
Ndiye mukukana kuti makinawa ali ndi tsankho?

Bit_ndi_Bayiti
Sakukana amalume, umboni ulipo. Bungwe la NIST, loona za miyezo ku America, mu December 2019 linayesa mapulogalamu 189 ochokera kwa opanga 99, ndipo ambiri ankasokoneza kwambiri nkhope za anthu a kumadzulo ndi kum'mawa kwa Africa kusiyana ndi za a kum'mawa kwa Ulaya. Koma onani bwino: anayesa zithunzi wamba, ndipo vuto lalikulu linali kutenga munthu wina ngati mnzake. La achimwene a ku Moatize ndi lina, makina akukana mwini wake.

Foto_Zóbuè
Ine ndikuti a Mfulu ali ndi mbali yawo, koma khungu ndi kusuntha zimakumana pamalo amodzi amene aliyense wogwira kamera amawadziwa. Nkhope yakuda imabweza kuwala kochepa. Muiikenso pamthunzi, dzuwa lili kumbuyo. Kamera kuti ione maso ndi mphuno iyenera kutsegula diso lake nthawi yotalikirapo, kapena kukweza mphamvu mpaka chithunzi chichite mchenga. Ikatsegula nthawi yaitali, kagwedezeke kakang'ono komweko kamene pamunthu woyera pamalo owala sikakanaoneka, apa kabalalitsa chithunzi. Ine mu situdiyo mwanga sindiuza munthu kuti aime njii. Ndimaonjezera nyali kutsogolo kwake, kamera n'kuthethetsa msanga, nkhani yatha. Mwana wa miyezi isanu ndi umodzi simungamuuze kuti adekhe, koma ndimamujambula.

Chinanso ndi thukuta. Ku Moatize mwezi wa October kutentha kumapyola madigiri 40, chipumi chimanyezimira. Malo onyezimira amabweza kuwala molakwika, ndipo pa 3D pamatuluka dzenje kapena kansonga. Pukutani nkhope musanafike pamakina.

Mfulu_wa_Chifunde
Chabwino, koma za falta zija sindinabweze.

Gogo_Mbatata
Kutentha kwanuko n'kumene kumakupengetsani. Bwerani kuno ku Tsangano, m'mawa madzi amaluma zala. Ndipo amene akufuna mbatata ya kachewere anene, ndikukumba sabata ino.

Mai_a_Mapasa
Agogo, thumba mukuchita zingati? Ku Ulongué akweza.

Txopela_Matundo
Agogo atumize pa chapa, ine ndikalandirira pamlatho wa Samora Machel. Thumba limodzi ndi langa la transporte.

Gogo_Mbatata
Iwe ndikakupatsa thumba udzabweza saka yokha. Mayi, ndilembereni kumbali tikambirane.

Txopela_Matundo
Funso lina. Chilombo cha gule chitaima pamakina amenewo angachilembetse?

Gogo_Mbatata
Za kudambwe sizikambidwa pafoni. Samala pakamwa mwana iwe.

Woyang'anira_Gulu
Malonda kumbali, za gule zisiyeni. Tibwerere pa nkhani.

Namwino_Furancungo
Ndawerenga zonse ndipo ndikufuna ndiyankhulireko okalamba, chifukwa inu mukukamba za anyamata a mphamvu zawo. Ndinaperekeza azakhali anga ku ofesi ina kukatsimikizira kuti adakali moyo kuti apitirize kulandira kandalama kawo. Iwo mutu umanjenjemera, uja wokhala ngati akukana chinthu nthawi zonse. Wojambulayo anayamba kukweza mawu, "mayi imani, mayi musagwedezeke." Akamakalipa, kunjenjemera n'kumakula. Mayi wamkulu mpaka misozi, kuganiza kuti akulakwitsa dala.

Anthu a m'maofesi adziwe kuti kunjenjemera kotere si mwano, ndi matenda. Kwa matenda a Parkinson kumagwira kwambiri manja, nthawi zina chibwano ndi milomo, ndipo kumabwereza ka 4 mpaka ka 6 pa sekondi. Kulinso kwina kofala kumene kumagwira manja ndi mutu, ndipo kumayenda m'magazi pabanja. Konse kuwiri kumakula munthu akachita mantha, akatopa kapena akazizidwa. Ndiye kukalipa n'kuthira mafuta pamoto.

Chimene chinathandiza n'chaching'ono. Ndinapempha mpando wokhala ndi chotsamira, tinausendeza kukhoma, azakhali anatsamiritsa msana ndi nkhongo. Ndinawapatsa kachikwama kawo agwire pamiyendo, n'kuyamba kuwafunsa za mbuzi zawo mpaka mtima unakhala pansi, kenako ndinati tsekani pakamwa muyang'ane apo. Zinatheka.

Kwa achimwene a pageti, musamagwire mpweya. Ambiri akauzidwa kuti aime njii amasiya kupuma, mapewa n'kukwera, khosi n'kuuma, kenako thupi limayamba kunjenjemera lokha. Munthu wamkulu wopumula amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi, koma mukatsika basi n'kuthamangira pageti mumapuma kuposa pamenepo, ndipo mutu umakwera ndi kutsika ndi chifuwa. Pumani kaye muli pabicha, mukafika tulutsani mpweya pang'onopang'ono, mapazi motalikirana.

Aphunzitsi_Dómuè
Zikomo anamwino. Tangoganizani kunjenjemera ka 5 pa sekondi pa makina a masekondi 2.5 aja. Mutu wapita n'kubwera koposa ka 12 kamzere kasanafike kuchibwano, mphuno n'kutuluka yokhotakhota. Kuphethira nakonso kumatenga gawo limodzi mpaka magawo anayi mwa magawo khumi a sekondi. Pa makina ochedwa kumasiya mpata pamaso, pa ofulumira mumangotaya chithunzi chimodzi n'kutenga chotsatira.

Turno_B_Moatize
Ndathokoza nonse. Koma ndikapite ndi mawu otani kwa a chefe? Ndikangoti makina ndi oipa andiuza kuti ena onse akudutsa.

Magetsi_Chingodzi
Musakanene kuti makina ndi oipa. Kapempheni kuti afafanize nkhope yanu imene inasungidwa, akulembetseni mwatsopano. Akatero mukhale m'chipinda, pampando, kuwala kuli kutsogolo kwanu, tabuleti itakhazikidwa patebulo osati m'manja. Ngati makinawo amalola kulembetsa pa kabokosi ka pageti komweko, ndiye bwino kwambiri, chifukwa diso lolembetsa ndi diso loyang'anira likhala limodzi. Ngati mumavala chipewa cha ntchito kapena magalasi podutsa, funsani ngati angasunge zithunzi ziwiri. Ndipo makina amenewa amasunga mbiri ya kuyesa kulikonse ndi nthawi yake, ambiri mpaka ndi kachithunzi. Apempheni atsegule mbiriyo. Idzaonetsa kuti munali pageti nthawi yabwino, makina ndiwo amakana.

Za mzati ndi dzuwa n'za amene anaika. Kabokosi kamafunika pakhoma lolimba, pamthunzi, ndi kadenga. Dzuwa lili ndi infrared yambiri, likawomba mwachindunji timadontho ta makina timamira.

Mlembi_wa_Khoti
Ndionjezere mbali ya malamulo. Constituição yathu, lamulo lalikulu la dziko la Mozambique, pa ndime 71 imanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu woona zimene zasungidwa zokhudza iye m'makompyuta, ndi kuzikonzetsa ngati zili zolakwika. Pempho lanu mulilembe papepala, musunge kope losainidwa kuti alandira. Mawu a pakamwa amauluka.

Mfulu_wa_Chifunde
Apo ndiye mwanena. Ndipo ndalama zimene anadula kale abweze.

Mai_a_Mapasa
Nanga sangangowauza makinawo kuti asamavute kwambiri? Ngati munthu wafananako, adutse.

Magetsi_Chingodzi
Zimatheka mayi, ndipo mabwana ambiri amandipempha zimenezo bicha ikatalika. Makina sanena kuti inde kapena ayi mwa okha. Amapereka mapointi a kufanana, ndipo pali mlingo umene ife timaika. Mapointi akapyola mlingo, geti latseguka. Nkhope yobalalika imapeza mapointi ochepa, ndiye ndikatsitsa mlingo wogwedezeka uja adutsa. Koma khomo lomwelo adutsiranso mng'ono wake wofanana naye, kapena mnzake womulembera kuti wabwera pamene ali kumowa. Ine ndimakana kutsitsa ndisanakonze kuwala, mzati ndi kulembetsa. Kutsitsa mlingo kumabisa matenda, sikuchiza.

Namwino_Furancungo
Koma amisiri, alipo anthu amene ngakhale mukonze zonsezo sadzadekha. Amene anachita sitiroko nkhope n'kugwa mbali imodzi, amene minofu ya pankhope imakoka yokha. Amenewo muwatani?

Magetsi_Chingodzi
Amenewo apatsidwe njira ina, khadi kapena chala kapena nambala. Makina ambiri amalola kuti munthu mmodzi yekha aikiridwe njira yakeyake popanda kukhudza ena. Ofesi yopanda njira yachiwiri ndiyo yalakwa, osati wodwalayo.

Gogo_Mbatata
Chala chakenso chiti? Zanga zinafufutika ndi khasu. Pa kalembera ankachita kundipukuta chala n'kudinda mobwerezabwereza. Tsopano mukuti nkhope nayo imafuna kudekha. Mapeto ake mudzatiyeza fungo.

Mai_a_Mapasa
Anga amapasawa ndiye amatsegulirana foni ya malume awo osagwedezeka n'komwe. Mmodzi analembetsa mwakuba, winayo amangoyang'ana yatseguka.

Bit_ndi_Bayiti
Zimenezo ngakhale Apple imavomera. Imati mwayi woti munthu wachilendo atsegule Face ID yanu ndi wosakwana umodzi pa 1,000,000, koma umakwera kwa amapasa, abale ofanana ndi ana osakwana zaka 13, chifukwa nkhope zawo sizinakhwime. Ndipo ngati foni ya malumeyo ndi ya kamera wamba yakutsogolo, ndiye n'zosavuta kuposa pamenepo. Zina mwa zotere zimatseguka ndi chithunzi chabe.

Txopela_Matundo
Tsono ine ndikamangirira foni pa chiwongolero, injini ikulira, pamsewu wa mabampu wopita ku Matundo, ingandizindikire?

Magetsi_Chingodzi
Ya timadontho mwina ingathe mukaima, chifukwa imafuna nkhope ikhale masentimita 25 mpaka 50 kuchokera pafoni ndipo muziyang'ana pa iyo, osati pamsewu. Koma musamangirire foni yodula pachitsulo cha njinga yamoto. Apple yomweyo inachenjeza mu 2021 kuti kunjenjemera kwa injini za njinga zamphamvu kumaononga tizipangizo todekhetsa kamera. Ikani kamphira pakati.

Txopela_Matundo
Musadandaule amisiri, yanga ndi ya mabatani. Imandizindikira ndi chala chachikulu, ngakhale ndili ndi chisoti kumutu.